Khutba ya Ijumaa: Galu wa Pakhomo Akayamba Kuluma Anthu

KHUTBA YOYAMBA

Kutamandidwa konse nkwa Allah, Mlengi wa zoyenda ndi miyendo iwiri ndi zoyenda ndi miyendo inayi, Amene amadyetsa mbalame mumlengalenga ndi nyerere muuna mwake, Amene adampatsa munthu nzeru namsenzetsa udindo pa zolengedwa zimene zili m'manja mwake. Tikuikira umboni kuti palibe wopembedzedwa mwachoonadi koma Allah Yekha, ndipo tikuikira umboni kuti Muhammad ndi kapolo Wake ndi Mtumiki Wake, Swalla Allahu alaihi wasallam. Madalitso ndi mtendere zipite kwa iye, akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

Pambuyo pa izi, inu akapolo a Allah, tikudzilangiza ife eni poyamba, kenako tikulangiza inu, kuti timuope Allah poyera ndi mseri, mumzikiti ndi kuseri kwa mpanda wa nyumba zathu.

Asilamu anzathu, nkhani ya lero ndi ya galu. Mwina ena mwa akuluakulu akudabwa kuti nyama yotere yakwera bwanji pa mimbari tsiku la Ijumaa. Koma Surah Al-Kahf, imene tidalimbikitsidwa kuwerenga tsiku ngati lalero, imatchula galu wa anyamata okhulupirira aja, atatambasula miyendo yake pakhomo pa phanga. Allah sadaone kuti nkosayenera kumtchula m'Buku Lake. Ndipo funso limene likufika kwa mashehe athu kawirikawiri ndi lolemera. Banja lidatenga kagalu kuti kazilondera mbuzi ndi nkhokwe. Kagalu kadakula, ana adakazolowera, akuba adasiya kuyandikira. Lero galu yemweyo wang'amba mwendo wa mwana wa mnansi amene amadutsa popita kumjigo, kapena wagwira dzanja la mwana wa m'nyumba momwemo. Bambo akuti tikamchotsa akuba atimaliza. Mayi akuti sindigona mpaka atachoka. Ana akulira. Kodi asungidwe, aperekedwe kwa wina, kapena aphedwe?

Tiyambe ndi malo a galuyo pa khomo la Msilamu. M'mahadith amene adasonkhanitsa Imam Bukhari ndi Imam Muslim, Mtumiki (SAW) adaphunzitsa kuti wosunga galu popanda chifukwa amachotseredwa gawo la malipiro a ntchito zake tsiku lililonse, kupatula galu wosakira nyama, wolondera ziweto ndi wolondera munda. Surah Al-Ma'idah, ndime 4, imaloleza kudya nyama yogwidwa ndi chilombo chosaka chimene mwini adachiphunzitsa, akatchula dzina la Allah. Ma ulama ambiri, kuphatikizapo Imam An-Nawawi wa madh-hab a Shafi'i amene ambiri a ife timatsata, adafanizira kulondera nyumba ndi kulondera munda, nanena kuti nkololedwa ngati kufunika kulipodi. Malo ake ndi pabwalo, osati kuchipinda kapena pamkeka woswalira, ndipo chiwiya chimene wanyambita chimatsukidwa kasanu ndi kawiri, kamodzi ndi dothi. Izi nzodziwika, sitichedwapo. Chofunika kuchigwira nchakuti chilolezocho chidabwera chifukwa cha phindu lake. Galu amaloledwa kuti ateteze anthu ndi chuma chawo. Tsiku limene anthu ayamba kufuna chitetezo kwa galuyo, chilolezo chija chayamba kugwedezeka.

Koma tisanamuweruze galu, tidziweruze ife. Akuluakulu adati galu wamkota sakandira pachabe. Agalu ambiri olusa m'midzi ndi m'mabairo mwathu sadabadwe choncho. Adapangidwa ndi manja a eni ake. Pali chizolowezi chotsekera galu m'kabokosi kamdima usana wonse kuti asazolowere anthu. Pali ommangirira ndi unyolo wa mikono iwiri padzuwa, wopanda madzi, kuyambira ali kamwana. Ena amammana chakudya dala poganiza kuti njala ndiyo imanola ukali, ena amamthirira tsabola m'madeya, ena amamkwapula kuti azimva. Ana a m'njira nawonso amamgenda ali pa unyolo, iye nkumaphunzira tsiku ndi tsiku kuti mwana ndi mdani. Ndiye unyolo ukaduka tsiku limodzi, timati galuyu wapenga. Sadapenge ayi. Wabweza zimene adaphunzira.

Najisi ya malovu ake sitipatsa ufulu womzunza. Abu Hurairah (RA) adasimba kuchokera kwa Mtumiki (SAW) za munthu wina wapaulendo amene adagwidwa ludzu, natsikira m'chitsime kukamwa. Atatuluka adapeza galu ali wefuwefu, akunyambita dothi lonyowa. Munthuyo adatsikiranso, nadzaza madzi m'nsapato yake, naigwira ndi mano pokwera, nammwetsa galuyo, ndipo Allah adamkhululukira machimo ake. Maswahaba atafunsa ngati pali malipiro ngakhale pa zinyama, adayankhidwa kuti alipo pa chamoyo chilichonse. Mabuku omwewo akusimba za mkazi amene adalowa ku Moto chifukwa cha mphaka: adamtsekera, osamdyetsa, osammasula kuti adzifunire yekha, mpaka adafa. Aliyense amene ali ndi galu pa unyolo kunyumba kwake pamene tikulankhula pano adzifunse kuti akufanana ndi uti mwa awiriwa. Surah Al-An'am, ndime 38, imatikumbutsa kuti nyama zapansi ndi mbalame ndi mitundu ngati ife, ndipo zonse zidzasonkhanitsidwa kwa Mbuye wake.

Choncho galu akaluma, funso loyamba likhale lakuti: chamlumitsa nchiyani? Galu amene ali ndi bala, dzino lowawa kapena khutu lotupa amaluma womkhudza. Wamkazi woyamwitsa amaluma woyandikira ana ake. Wanjala amaluma wogwira mbale yake. Wodzidzimutsidwa ali mtulo amaluma asanazindikire kuti ndi ndani. Zoterezi zili ndi mankhwala ake, ndipo kawirikawiri galu amayamba wachenjeza: amauma thupi, amaonetsa mano, amang'ung'uza. Pano pali cholakwa chimene ambiri timachita. Galu akang'ung'uza timammenya, iye nkuphunzira kuti kuchenjeza kumabweretsa ndodo. Ulendo wotsatira amangoluma mwakachetechete. Kuluma kwa galu amene adapondedwa mchira nkosiyana kwambiri ndi kwa galu amene amathamangira mwana wongodziyendera, nkumgwetsa, nkumgwedeza osafuna kusiya. Wachiwiriyu ndiye woopsa, ndipo tibwerera kwa iye.

Pali chifukwa china chimene sichidikira zokambirana za pabanja, ndicho chiwewe. Galu wofatsa akasintha mwadzidzidzi, nayamba kuluma mitengo ndi miyala, kuchucha dovu, kusintha mawu pouwa, kuyendayenda mosadziwa kwawo, kapena kungofooka chibwano chili pululu, tiganizire matendawa msanga. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuyerekeza kuti chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ochuluka zedi mwa iwo mu Africa ndi Asia. Pafupifupi onsewo amachitenga kwa agalu, ndipo anthu 4 mwa 10 alionse ndi ana osafika zaka 15. Mwana ndi wamfupi, galu amamfikira kumaso ndi kumutu, ndipo kachilomboka kamayenda m'mitsempha kulunjika ku ubongo. Bala likakhala pafupi ndi mutu, ulendo wake umafupika. Nthawi zambiri zizindikiro zimaoneka pakapita miyezi iwiri kapena itatu, bala litapola kale, aliyense ataiwala. Zikangoonekera, munthu nkuyamba kuopa madzi, kuchira nkosatheka pafupifupi kwa onse.

Koma Allah Amene adatsitsa matendawa adaika njira yowatchingira. Wolumidwa atsukidwe balalo nthawi yomweyo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako apite kuchipatala tsiku lomwelo kuti akayambe katemera, ndipo amalize majakisoni onse monga amuuzira. Katemerayu si wachilendo: Louis Pasteur adamgwiritsa ntchito koyamba pa mnyamata wolumidwa m'chaka cha 1885, ndipo tsiku limene Pasteur adamwalira, 28 Seputembala, ndilo dziko lonse limakumbukira nkhondo yolimbana ndi chiwewe. Kuwotcha ubweya wa galuyo nkupaka pa bala sikuchotsa kachilombo. Dua tipange, Qur'an tiwerenge, koma tikuyenda ulendo wa kuchipatala. Munthu amene adafunsa ngati amange ngamira yake kapena aisiye nkuyedzamira kwa Allah adauzidwa kuti aimange, kenako ayedzamire. Galu woluma uja, ngati nkotheka kumtsekera popanda kuika munthu pangozi, atsekeredwe masiku 10 akudyetsedwa ndi kumwetsedwa, ndipo alangizi a ziweto a ku SDAE adziwitsidwe. Akakhalabe wathanzi pakutha pa masikuwo, ndiye kuti malovu ake adalibe chiwewe tsiku limene adaluma. Wolumidwayo asadikire masiku amenewa. Iye ayambe katemera, achipatala ndiwo adzanene zotsatira. Ndipo m'masiku amenewa galuyo asaperekedwe kwa wina aliyense. Kumsamutsira kumudzi nthawi yotere nkutumiza imfa kwa abale ako.

Tsopano za mnansi. Imam Bukhari adalemba kuti Mtumiki (SAW) adalumbira katatu kuti sakhulupirira munthu amene mnansi wake sali pa mtendere ndi zoipa zake. Timakonda kuganiza kuti zoipa zimenezi ndi lilime ndi dzanja basi. Nanga mayi amene amazungulira njira yaitali ndi ndowa pamutu chifukwa choopa khomo lathu? Nanga ana amene asiya kupita ku madrasa madzulo? Nanga okalamba amene amalephera kubwera ku swala ya Fajr chifukwa galu wa Msilamu mnzawo amamasulidwa usiku ndi kuyendayenda mumsewu? Mantha amenewo alembedwa m'buku la mwini galu.

Shariya sidasiye nkhaniyi pa chikumbumtima chokha. Mu Muwatta ya Imam Malik muli nkhani ya ngamira ya Al-Bara' ibn Azib (RA) imene idalowa m'munda wa munthu wina nkuwononga. Mtumiki (SAW) adagamula kuti eni minda aiyang'anire usana, ndipo zimene ziweto zawononga usiku alipire ndi eni ziwetozo. Pa maziko onga amenewa, akatswiri a fiqh adati mwini nyama yodziwika kuti imavulaza, amene adachenjezedwa koma nkulekerera, asenze zimene nyamayo yawononga. Ndiye galu wathu akaluma mwana wa mnzathu, tisayambe ndi kufunsa kuti mwanayo amafunanji pakhomo pathu. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Tinyamuke, timtengere kuchipatala, tilipire ulendo ndi zonse zofunika, tipepese kwa makolo ake, nkhaniyo isanafike kwa amfumu kapena kwa asekeretale a bairo. Msilamu amene amadikira kuti akakamizidwe ndi bwalo kuti achite zimene Allah adamlamula kale wataya malipiro, ndipo wataya ulemu wa chipembedzo chake pamaso pa anansi amene si Asilamu.

Tanena mawu athuwa, ndipo tikupempha chikhululuko kwa Allah pa ife ndi pa inu. Mpempheni chikhululuko, Iye Ngokhululuka, Ngwachisoni.

KHUTBA YACHIWIRI

Kutamandidwa nkwa Allah, madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki Wake.

Abale athu m'Chisilamu, chiwewe chikakhala kuti palibe, banja latsala ndi njira zitatu, ndipo sizili zofanana kulemera kwake.

Kumsunga nkololedwa kwa amene chifukwa cha kulumako chadziwika ndipo angathe kuchichotsa. Ayenera kukhala ndi mpanda wolimba ndi chitseko chotsekeka, khola la mthunzi lokwanira kuti galu ayendemo, chakudya ndi madzi tsiku lililonse, katemera wa chiwewe chaka ndi chaka, ndiponso munthu wamkulu woti galuyo amamumvera. Mwana wamng'ono asasiyidwe yekha ndi galuyo ngakhale kanthawi kopita kukatunga madzi. Amene sangathe zimenezi asadzinamize kuti adzasamala. Mawu oti tidzaona si mpanda.

Kumpereka kwa wina ndiyo njira imene mitima yambiri imathamangira, chifukwa imatichotsera vuto popanda kukhetsa mwazi. Nthawi zina ndi njira yabwinodi. Galu amene akuvutika m'kabwalo kopanikizika m'tauni ya Tete kapena pa Ulongwe, pakati pa ana ambiri ndi anthu odutsa, atha kukhazikika kwa mlimi amene khola lake la ng'ombe kapena dimba lake la mbatatesi lili patali ndi nyumba za anthu. Koma kusamuka sikuzula mano. Kumudzi nakonso kuli ana, ndipo chipatala chili kutali kuposa kuno. Choncho kupereka kuli ndi malamulo ake, ndipo lalikulu ndi kunena zoona. Imam Muslim adasimba kuti Mtumiki (SAW) adadutsa pa mulu wa chakudya chogulitsa, nalowetsa dzanja mkati, napeza kuti pansi pake mponyowa. Mwini wake adati idachinyowetsa ndi mvula. Adafunsidwa chifukwa chimene sadaike chonyowacho pamwamba kuti anthu achione, nauzidwa kuti wachinyengo sali mwa ife. Ngati kubisa chinyontho cha tirigu kudabweretsa mawu olemera chotere, nanga kubisa kuti galu adang'ambapo nkhope ya mwana? Tinene zonse: waluma kangati, waluma ndani, zidayamba bwanji, amadana ndi chiyani. Tipereke khadi lake la katemera. Tipite tokha tikaone malowo ndi maso, tidziwe ngati pali ana, ngati pali mpanda, ngati wolandirayo ali nacho chomdyetsa. Ndipo tigwirizane naye kuti zikakanika atiuze, asampatsirenso munthu wachitatu amene sadziwa kanthu.

Tisamgulitse. Abu Mas'ud Al-Ansari (RA) adasimba kuti Mtumiki (SAW) adaletsa mtengo wa galu, ndipo madh-hab a Shafi'i adagwira pamenepo, ngakhale a Hanafi amaloleza kugulitsa galu wantchito. Ngakhale kwa wotsata chilolezocho, ndalama zimakopa lilime kuti lichepetse chilema cha malonda. Pa galu woluma, kuchepetsa koteroko kutha kulipiridwa ndi thupi la mwana wa wina.

Pali chinthu china chimene anthu amachitcha kupereka pamene ndi kutaya. Amamkweza galu panjinga kapena pagalimoto, nkukamsiya kumsika wakutali, m'mbali mwa msewu, kapena kutsidya kwa malire, nkubwerera mtima uli mbee kuti sitidamuphe. Ameneyo wasonkhanitsa machimo awiri. Wamsiya ndi njala nyama imene sidaphunzire kudzifunira, ndipo wamasulira galu woluma, wamantha, wopanda womtemera, pakati pa ana a anthu amene sakumdziwa. Agalu osowa mwini oterewa ndiwo amavuta kuwapeza nthawi ya katemera, pomwe akatswiri amati chiwewe chimaduka m'dera ngati agalu 70 mwa 100 alionse atemeredwa.

Njira yachitatu ndi yowawa, koma tisaizembe. Galu amene waluma mozama kangapo, wosaputidwa, wosachenjeza, makamaka amene amasaka ana, ife tikuona kuti sayenera kuperekedwa kwa munthu aliyense, ngakhale wolandirayo atavomera, chifukwa ana a anansi ake sadavomere. M'mahadith a Bukhari ndi Muslim, galu woluma anthu adatchulidwa pamodzi ndi khwangwala, mphamba, chinkhanira ndi khoswe monga zowononga zimene nkololedwa kuzipha ngakhale m'malo opatulika a Makkah, kumene kusaka nkoletsedwa. Imam Malik adafika pomasulira kuti dzinali likuphatikiza chilombo chilichonse cholumphira anthu, monga mkango ndi kambuku. Onani kuti chimene chatchulidwa ndi khalidwe la kuluma, osati ugalu. Ku Madinah kudali nthawi imene agalu adalamulidwa kuphedwa, kenako lamulolo lidachotsedwa. Choncho palibe chilolezo chopha galu wosalakwa chifukwa choti watitopetsa kapena wakalamba.

Kupha kukakhala kofunika, kuchitike mwa ihsan. Shaddad ibn Aws (RA) adasimba kuti Allah adalamula kuchita bwino pa chinthu chilichonse, ngakhale pa kupha ndi pa kuzinga, kuti nyama isazunzike. Njira yake ndi kuitana a zaziweto kuti achite mwachangu ndi mosapweteka. Kugenda ndi miyala, kupachika pamtengo, kumiza m'madzi, kuwotcha, zonsezi ndi nkhanza zimene tidzafunsidwa. Tameki ndi mankhwala ena a chiphe amapha mozunza, ndipo nyambo yake imadyedwanso ndi nkhuku, amphaka, agalu a eni, nthawi zina mwana wokwawa nkuitola. Mtembo wake ukwiriridwe mozama, ndipo zonsezi zisachitike ana akuonerera.

Ana amenewo tisawaiwale. Amene adamlera galuyo kuyambira ali kamwana adzalira, ndipo kulira kwawo si kupusa. Anas ibn Malik (RA) adali ndi mng'ono wake, Abu Umair, amene adali ndi kambalame kosewera nako. Kambalameko katafa, Mtumiki (SAW) adampeza mwanayo ali wachisoni, namcheza mwachifundo, namfunsa za kambalame kake. Mtsogoleri wa ummah adapeza nthawi ya chisoni cha mwana pa mbalame. Ifenso tikhale nawo pansi ana athu, tiwauze mwa msinkhu wawo chimene chachitika ndi chifukwa chake. Tisawanamize kuti galu wathawa, chifukwa adzakhala masiku ambiri akuyang'ana kunjira, ndipo tsiku lodziwa zoona adzaphunzira kuti bambo amanama. Bodza lonamiza mwana limalembedwa ngati bodza lina lililonse. Ndipo mwana amene adalumidwa asauzidwe kuti galu wachoka chifukwa cha iye.

Inu abambo, chigamulo chisakhale cha inu nokha. Amayi ndiwo amatsala pakhomo ndi galuyo ndi ana tsiku lonse, ndipo aona zimene inu simudaone. Afunseni, funsani mnansi amene adakuchenjezani, funsani alangizi a ziweto, swalini istikhara. Wakutsina khutu ndi mnansi. Zokambiranazi zitha kutenga sabata, koma kutseka chitseko sikudikira sabata. Amene akudziwa kuti galu wake walumapo munthu, potuluka muno apite akamtsekere malo otetezeka, amuikire madzi, ndipo akaone bala la wolumidwayo lisanalowe dzuwa la lero.

E Allah, tetezani ana athu ndi ana a anansi athu. Chizani olumidwa ndi odwala onse. Tikhululukireni pa nyama zimene tidazimana chakudya ndi madzi zili m'manja mwathu, ndipo tiongoleni pa chigamulo chimene Inu mukuchiyanja. Madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki Wanu Muhammad, akubanja kwake ndi maswahaba ake.

Imirirani, tiimike swala.